Kariba ankatsika tikuona, nanga manambala anali kuti?

Chisomo: Abale mwaswera bwanji. Ndithandizeniko amene mumadziwa za magetsi. Ndikulemba kanthu ka kuntchito nde ndikufuna kuyika pamodzi manambala a 2024 a Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique. Magetsi amene anapangidwa ndi amene anagulitsidwa akupezeka m'malipoti, koma ndikafuna kufanizira dziko ndi dziko zikukana, wina walemba ma MW (mamegawati, mphamvu ya makina) wina ma GWh (kuchuluka kwa magetsi opangidwa), wina chaka chake chimathera December wina chimathera mwezi wina, komanso zambiri zili mu PDF ukopere pamanja nambala imodzi imodzi. Nanga nduna zikakumana zimagwiritsa ntchito ziti popanga ziganizo za chigawo chonse?

Mavuto: kkkk asisi lembani ine ngati deta. Kalingalinga kuno ku Lusaka 2024 inafika poti maola 21 magetsi kulibe, atatu otsalawo amabwera anthu tili mtulo. Mageti ndinkawotcherera usiku anthu oyandikana nane mpaka kusiya kundipatsa moni

Mai Tembo: Inu bola zitsulo siziola. Ife a nkhuku ndi nsomba za mufiliji ndiye tinalira

A Banda: Chisomo mwana wanga funso lako ndi labwino koma wayambira kumchira. Yambira kumadzi. Magetsi a Zambia oposa 80 peresenti amachokera kumadzi, nde amene akufuna kudziwa za magetsi a chaka chamawa ayambe wafunsa za mtsinje. Zambezi imayezedwa ku Chavuma pomwe yangolowa kuchokera ku Angola, kenako madziwo amakafalikira m'dambo lalikulu la ku Barotse amachedwa kumeneko masabata ndithu, ku Victoria Falls amadzafika pachimake cha m'ma April ndiye nkulowa mu Kariba. Kutanthauza kuti mvula ikakanika kumtunda uthenga umabwera msanga, miyezi ingapo mababu asanazime mu Lusaka.

A Banda: Chinanso chomwe ambiri sadziwa. Nyanja ya Kariba ndi yaikulu zedi koma madzi opangira magetsi ndi apamwamba okha. Ikadzaza imafika mamita 488.50, ikatsika kufika 475.50 makina sangayendenso bwino. Mamita 13 okha amenewo ndiye moyo wathu tonse, ife ndi a ku Zimbabwe. Zambezi River Authority imalengeza mlingo umenewu poyera, ndiponso ndi iyo imagawa madzi chaka ndi chaka. Mu 2024 anagawa ma cubic metre 16 biliyoni, 8 kuno 8 kutsidya. Amene anawerenga nambala imeneyo anadziwiratu kuti chaka chafa.

Kondwani: Nde mwayankha nokha amalume. Deta inalipo. A Pulezidenti a Zambia analengeza za chilala ngati ngozi ya dziko pa 29 February 2024, aliyense ankadziwa. Vuto si manambala, vuto ndi ndalama ndi kuchedwa kumanga zinthu zina zosadalira mvula. Izi za deta ndi nkhani ya anthu okonda ma workshop ku Livingstone

Yamikani: kkkkk aise wawatchula

Chisomo: A Kondwani mbali ina mukunena zoona, Excel sayatsa babu. Koma taonani apa. Nambala ya Kariba inalipo inde. Koma chiganizo cha chigawo sichifuna Kariba yekha, chimafuna Kariba ndi Kafue ndi Cahora Bassa ya ku Mozambique ndi Shire pa tebulo limodzi mwezi womwewo, kuphatikizapo makina ati akhala akukonzedwa liti, ndi zingwe ziti zingathe kunyamula magetsi angati. El Niño uja sanasankhe dziko. Nde ngati dziko lililonse likulemba mu pulani yake kuti tikasowa tigula kwa aneba, ndipo aneba nawonso alemba chimodzimodzi, mapulani onsewo papepala ndi abwino koma ukawaphatikiza magetsi ogulawo kulibe. Zimenezi umaziona pokhapokha manambala akumana

Yamikani: Pamenepo ndilowererepo ine wa ku Balaka. Chaka chomwecho cha 2024 Kariba akuuma, nyanja ya Malawi inali itadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi uko, anthu akuyenda m'madzi pa khonde. Madzi a nyanja imeneyo ndi amene amatsika mu Shire, amadutsa pa baraji ya ku Liwonde nkukayendetsa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nde kwathu madzi mbwee kuno madzi kulibe, maiko oyandikana. Ine zinkandipweteka mutu

Mavuto: nde bwanji simunatitumizireko achimwene

Yamikani: Titumize pa chani man, pa wilibala? Malawi kwa zaka zonsezi wakhala membala wa SAPP, bungwe logulitsana magetsi la maiko a kumwera kwa Africa, wosalumikizidwa ku zingwe zikuluzikulu, chimodzimodzi Angola ndi Tanzania. Nchifukwa chake kunayambika ntchito ya chingwe cha 400 kV chochokera ku Matambo ku Tete kukafika ku Phombeya kwathu konkuja. Komanso osanama makina athu ndi ochepa, ngakhale madzi achuluke bwanji sitingadyetse migodi ya ku Copperbelt. Kumbukirani January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi nkamodzi dziko lonse linagwada

A Banda: Yamikani wanena chinthu chachikulu mosadziwa. Mitsinje yathu siuma nthawi imodzi yonse. Kumpoto kumagwa mvula ina, kumwera ina. Munthu wofuna kusankha kuti chingwe choyamba kumanga chikhale chiti, cha ku Tanzania kapena cha kwina, ayenera kukhala ndi mbiri ya madzi ya zaka zambiri ya mitsinje yonseyi yolembedwa mofanana, aone kuti uku kukauma nkuti kumakhala kuli madzi. Chingwe ndi ndalama zankhaninkhani, sumanga mongoganiza. Ndipo kuthandizana kumeneku si kwachilendo, Lundazi kalelo ankayatsa magetsi ochokera ku Malawi.

Dalitso: Pepani ndachedwa ndinali padenga ku Chalala. Ine nkhani yanga ndi ina. Manambala onse mukunenawa ndi a makampani akuluakulu. Koma kuyambira 2024 ife oyika sola sitinapume, Chalala, Ibex, Salama Park, Meanwood, ma lodge, masukulu, ma butchery, aliyense panel invata batire. Munthu amagula ku Kamwala kapena kuitanitsa kunja, ife timakwera timayika basi tapita. Amene walowa mu net metering, yogulitsa magetsi otsala a sola ku kampani ya magetsi, yomwe inabwera mu 2024 uja ndiye amadziwika poti pali mapepala, koma wongoyika zake panyumba osagulitsa magetsi kwa wina aliyense amamuwerenga ndani? Sola ya Bangweulu ndi Ngonye ku MFEZ, dera la mafakitale la ku Lusaka, timaidziwa, 54 ndi 34 megawati, ya ku Chisamba 100, koma ya pamadenga onsewa ukaiphatikiza mwina ndi siteshoni inanso yathunthu

Chisomo: Eeh a Dalitso apa mwakhudza pomwe pakundiwawa. Chifukwa mita ikaonetsa kuti nyumba ija yagula mayunitsi ochepa, wowerenga ali mu ofesi sangadziwe ngati anthuwo asauka, kapena ayika sola, kapena magetsiwo kunalibe oti agule. Zifukwa zitatu zosiyana nambala imodzi. Ndipo pulani ya zaka 10 zikubwerazi ikamangidwa pa nambala imeneyo mutha kumanga zochepa poganiza kuti anthu safuna, kapena kumanga zambiri za masana pomwe vuto lenileni lili 18 hours anthu akaweruka, dzuwa litalowa mabatire akuyamba kutha

Mavuto: ndi jenereta musaiwale. Dizilo amene ndimagula mu chigubu pa filling station amalembedwa ngati wa galimoto chonsecho ndilibe ngakhale njinga kkk

Chisomo: Ndendende. Mafuta amawerengedwa bwino polowa m'dziko, dizilo wa mu paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam amadziwika, ogulitsidwa pa pampu amadziwika, koma akachoka pa pampu wapita mu thanki ya minibasi kapena mu jenereta ya barbershop sizioneka. Nde mtengo weniweni wa load shedding umabisala mu nambala ya zamayendedwe

Mai Tembo: Ana inu mwalankhula za sola za dizilo za ma mega chani chani koma nsima ya Lusaka imapsa ndi chani? Bwerani ku Chawama kuno m'mawa muone utsi. Mbaula nyumba iliyonse, ngakhale amene ali ndi stovu ya magetsi mbaula ili kuseri kwa chitseko. Magetsi atavuta muja makala anakwera mtengo moti ena tinayamba kugula tamapulasitiki tating'ono tophikira kamodzi. Matumba amabwera pa malole ndi pa njinga kuchokera ku Chongwe, Rufunsa, Mumbwa, ambiri usiku. Alipo amaima pamsewu kuwerenga? Nduna zanuzo zikakumana zimakamba za makala?

A Banda: Amai mwalasa. M'maiko athu ano mphamvu zambiri zomwe anthu amagwiritsa ntchito panyumba ndi nkhuni ndi makala, osati magetsi, koma ndiye mbali yomwe manambala ake amakhala ongoyerekeza. Kalembera wa 2022 anafunsa kuti mumaphikira chani mumaunikira chani, zabwino, koma kalembera amabwera patapita zaka 10 ndipo amangofunsa mtundu, safunsa kuti matumba angati pamwezi. Ndiye zimalumikizana ndi zomwe ndinayamba nazo, mitengo ikatha kumtunda kwa Kafue madzi amathamanga nthawi imodzi ndi dothi lomwe, chilimwe mtsinje nkuchepa.

Kondwani: Chabwino ndamva. Koma ndifunse funso lomwe nonse mukulizemba. Mukuti tiwerenge sola ya padenga, tiwerenge jenereta, tiwerenge matumba a makala. Mawa lake? Boma lililonse padziko likawerenga chinthu chotsatira ndi msonkho kapena layisensi. Ine munthu atabwera ndi fomu kufunsa ma panel angati ndimuuza kuti ndi malata owala chabe

Dalitso: kkkkkk makasitomala anga onse ndi a Kondwani

Mai Tembo: Ndi zoona zimenezo, wogulitsa makala ukamufunsa mafunso ambiri amaganiza kuti ndiwe wa za nkhalango, amangonyamula thumba nkuchoka

Chisomo: Mantha amenewo ndi enieni sindikutsutsa. Koma pokonza pulani safuna dzina la munthu kapena nambala ya nyumba, amafuna kudziwa kuti dera lakuti lili ndi ma kilowati angati a sola. Ma panel onse amalowera pa boda, nde nambala ya olowa m'dziko ili kale ndi a kasitomu, kungoipereka kwa okonza mapulani a magetsi osafunsa munthu aliyense. Komanso tili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2021. Zimatengera amene akufunsa, akabwera a ZamStats, a boma opanga kalembera, ndi kafukufuku anthu amayankha mosiyana ndi akabwera otolera msonkho

Kondwani: Nanga maiko okhaokha? Mukuganiza kuti kampani ya magetsi ingauze anzake kuti mwezi wa September tidzakhala pa mavuto aakulu? Pa msika wa SAPP amagulitsana magetsi a mawa lero, ukaonetsa kuti wapanikizika wogulitsa akweza mtengo. Palinso makontrakiti ndi migodi, migodi yomwe imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, mitengo yake samaiika pa Facebook. Ndale nazo, palibe boma limakonda kulengeza kuti zinthu zivuta chisankho chili pafupi. Aliyense amabisa ndipo ali ndi chifukwa

A Banda: Kondwani usaphatikize zinthu ziwiri. Mtengo wa mu kontrakiti ubisike, ndi malonda amenewo. Koma mlingo wa madzi si chinsinsi cha munthu, masiku ano ngakhale setilaiti imauona. Tsiku lotseka makina kuti akonzedwe si chinsinsi. Kuchuluka kwa magetsi omwe chingwe chinganyamule si chinsinsi. Ndikupatse chitsanzo. November 2022 a Zambezi River Authority analembera kampani yopanga magetsi ya ku Zimbabwe kuti madzi anu a chaka chino mwamaliza, imitsani makina a kumwera. Inali nkhani yowawa kwambiri kutsidyako. Koma zinatheka chifukwa maiko awiriwa ali ndi bungwe limodzi, choyezera chimodzi, buku limodzi. Kariba ali ngati nkhokwe ya mabanja awiri, wotapa aliyense amatapa mnzake akuona dengu. Pakanakhala kuti aliyense amayeza yekha bwenzi mpaka lero akukangana kuti wamwa madzi ndani.

Yamikani: Amalume nde funso nkumati bwanji buku limodzilo lithere pa Kariba, chonsecho madzi omwewo akatuluka amakalowa mu Cahora Bassa ku Mozambique, Kafue ndi Luangwa nazo zimathira momwemo, Shire wathu amakakumana nawo kumunsi

A Banda: Lilipo bungwe la mtsinje wonse, ZAMCOM, likulu lake lili ku Harare, la maiko onse okhudzidwa ndi Zambezi, ndipo kugawana uthenga wa madzi ndi imodzi mwa ntchito zake. Koma bungwe lotere limadya zomwe maiko alipatsa. Choyezera cha pa mtsinje chikakokoloka ndi madzi osefukira nkukhala osachikonza, kapena wowerenga mlingo kumudzi uko akasiya poti sakulandira kanthu, pa mndandanda pamakhala dzenje ndipo dzenje la chaka chatha sungalikwirire chaka chino. Zinthu zimenezi ndi zotchipa poyerekeza ndi damu koma ndiye zimayamba kudulidwa bajeti ikavuta chifukwa palibe amadula riboni pa choyezera madzi.

Mavuto: kkk riboni pa ndodo ya manambala

Chisomo: Ndiwonjezere za mabungwe. SAPP inayamba 1995 ili ku Harare, ndi ya makampani a magetsi. Oyang'anira malamulo ngati ERB ya kuno ku Zambia ndi MERA ya ku Malawi ali ndi mabungwe awo, RERA ya SADC ku Windhoek ndi RAERESA ya COMESA yomwe ili konkuno ku Ben Bella Road. Pamwamba pake AFREC ya African Union ku Algiers imasonkhanitsa manambala a Africa yonse. Nde mabungwe sakusowa ayi. Ine ndikuona kuti chofunika ndi chakuti onsewa agwirizane fomu imodzi ndi matanthauzo amodzi, dziko lidzaze kamodzi onse atenge pomwepo, osati aliyense kutumiza mafunso ake kwa anthu awiri atatu omwewo a mu unduna amene alinso ndi ntchito zina

Dalitso: matanthauzo ngati ati asisi

Chisomo: Tengani Kariba North, siteshoni ya mbali ya Zambia. Papepala ndi ma megawati 1,080. Chakumapeto kwa 2024 inkayenda makina amodzi mwa asanu ndi limodzi. Nde tebulo likalemba 1,080 silinaname koma silinanenenso zoona zothandiza munthu. Pamafunika mizere iwiri, zomwe zinamangidwa ndi zomwe zikutuluka mwezi uno. China ndi nkhani ya kuti anthu angati ali ndi magetsi. Dziko lina limawerenga nyumba zolumikizidwa ku chingwe zokha, lina limaphatikiza ndi kasola ka babu limodzi ndi kutchaja foni. A World Bank ali ndi njira yoika m'magulu kuyambira 0 mpaka 5 kutengera maola, mphamvu yake ndi kudalirika kwake, imeneyo ndiye ingaonetse kuti a Mavuto ndi chingwe chawo cha maola atatu sali gulu limodzi ndi munthu wa maola 24

Mavuto: ine ndili gulu 0.5

Kondwani: Ndikuvomera theka. Koma zikhale poyera, osati deta yongozungulira pakati pa nduna ndi ma consultant. Lamulo la Access to Information linasainidwa December 2023, nde aike pa intaneti mu Excel mwana wa ku yunivesite ya UNZA athe kutsitsa nkutsutsa ngati zalakwika. Nambala yomwe palibe angaitsutse ine sindiikhulupirira

A Banda: Pamenepo tagwirizana. Ndipo itulutsidwe msanga. Lipoti la pachaka ndi labwino kwa olemba mbiri, koma wosankha kuti tigule magetsi kunja kapena ayi amafuna za sabata ino.

Mai Tembo: Nanga ife tingodikira a ku Algiers? Gulu lino tilipo ambiri, Chawama, Matero, Kanyama, Mtendere, Chilenje, ena ali ku Chipata ndi ku Lilongwe. Bwanji aliyense azilemba Lamlungu lililonse kuti kwathu magetsi anapita maola angati ndipo thumba la makala lili pa zingati. Chisomo uziika mu kompyuta yakoyo

Chisomo: Amai zimenezo ndingachite ndi mtima wonse. Sizingalowe mu lipoti la boma poti ndife ochepa komanso tadzisankha tokha, koma pakatha miyezi ingapo tidzaona ngati makala amakweradi sabata yomwe magetsi avuta kapena amachedwa. Ndipanga ka fomu ka pa foni, dera, maola, mtengo wa thumba, mtengo wa gasi kwa amene amagwiritsa ntchito, osalemba dzina

Kondwani: osalemba dzina ndiye ndilowa nawo

A Banda: Dikirani kaye. Thumba lake liti?

Mai Tembo: Thumba la makala amalume, lilipo lina?

A Banda: Alipo ambiri amai. Pali la 25, pali la 50, pali lija lalikulu losokerera mutu pamwamba ndi timitengo ndi luzi. Ndipo 50 yolembedwa pathumbapo ndi ya chimanga kapena feteleza yemwe analimo kale, makala ake safika pamenepo. Wina akalemba mtengo wa la mutu wina wa lopanda mutu Chisomo adzaona ngati ku Matero makala ndi odula kawiri.

Yamikani: komanso a ku Lilongwe alemba kwacha yathu inu kwacha yanu, muike malo osankha ndalama asisi apo ayi muona thumba la 30,000 mukomoke

Mavuto: makala a mtengo wanji nawonso, a musamba ndi a mitengo yofewa sapsa mofanana, ena amangothetheka ngati mapepala

Mai Tembo: Aaa inu mufuna mpaka dzina la wootcha. Tiyeni titere, tonse tilembe la 50 lopanda mutu, amene wagula la mutu anene kuti la mutu. Ine ndili ndi sikelo yoyezera nkhuku, Loweruka ndiyeza matumba a ogulitsa a pafupi pano tione kuti kwenikweni amalemera bwanji

Dalitso: sikelo ya nkhuku ifika amai? imathera 20 kg ija

Mai Tembo: Ndiyeza pang'onopang'ono mu beseni, ingobwera udzandinyamulire thumba